Mwana akayamba kuvuta: banja laphokoso ndi kulera wekha muno mu Harare

Mwana wa zaka 4 akaluma mnzake ku kreshi, kapena akatukwana mlendo pakhomo, akuluakulu sachedwa kufunsana kuti, “Kodi bambo ake alipo?” Akamva kuti kulibe amangogwedeza mitu, nkhani n’kuthera pomwepo. Mawu amenewa ali ndi anzake, amene amauzidwa mayi wofika kwa ankhoswe maso atatupa: “Pirirani mayi, banja n’kupirira, ganizirani anawa.” Mumawamva ku Mufakose, ku Mbare, ku Dzivarasekwa, ku Epworth, pamaliro ndi pachinkhoswe, m’Chichewa ndi m’Chishona momwe. Onsewa atsamira pa ganizo limodzi, lakuti khalidwe la mwana limayendera kuchuluka kwa makolo ogona m’nyumbamo: akakhala awiri mwana akula bwino, akakhala mmodzi mwana alowerera.

Ganizoli lili ndi choonadi chake pang’ono, sindikukana. Koma akatswiri amene akhala akutsatira ana ndi mabanja awo kwa zaka zoposa 50 apeza kuti limaloza chala polakwika, ndipo tikalitsatira osaganiza timapweteka ana omwewo amene tikufuna kuwateteza.

Kuvuta kwake n’kotani?

Akatswiri a za maganizo a ana amagawa mavutowa pawiri. Ena ndi otulukira kunja, amene aliyense amawaona: kumenya ndi kuluma anzake, kudzigwetsa pansi n’kumagubuduka, kuswa zinthu, makani, kusakhazikika. Ena ndi olowera m’kati: mantha, kukakamira chitenje cha amayi, kulota zoopsa, kuyambiranso kukodza pogona atasiya kale, kudandaula m’mimba popanda matenda, kungokhala duu pakona. Thomas Achenbach wa ku America anakonza mafunso amene makolo ndi aphunzitsi amayankha poyeza mbali ziwirizi, ndipo mu 1997 Robert Goodman wa ku London anatulutsa ena aafupi, mafunso 25 okha, amene akugwiritsidwa ntchito m’mayiko ambiri. Mwana wa gulu loyamba amadya ndodo. Wa gulu lachiwiri timamuyamikira kuti ndi wofatsa, wosavuta, pamene mumtima mwake mulibe mtendere. Ameneyu ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa palibe amene amamufunsa.

Tikumbukirenso kuti kuvuta kwina ndi msinkhu chabe. Richard Tremblay wa ku Montreal, amene anatsatira ana ochuluka kuyambira ali makanda, anapeza kuti kumenya, kukankha ndi kuluma kumafika pachimake mwana ali ndi zaka pakati pa 2 ndi 4, kenako kumatsika akamaphunzira kulankhula ndi kudikira. Mwana wa zaka 2 wolanda chidole sanaonongeke. Chodetsa nkhawa ndi pamene khalidweli silikutsika, likuchitika kunyumba ndi kusukulu komwe, kapena layamba mwadzidzidzi.

Zimene anapeza atawerenga ana

Mu 1991 Paul Amato ndi Bruce Keith anasonkhanitsa zofufuza 92 zoyerekeza ana a mabanja amene anatha ndi ana a mabanja amene sanathe. Ana a mabanja otha anapezeka otsalira pa khalidwe, pa sukulu ndi pa mtendere wa mumtima. Kusiyanako kunalipodi, koma kunali kochepa. Mavis Hetherington wa ku Virginia, atatsatira mabanja kwa zaka pafupifupi 30, ananena kuti pa ana 100 alionse a mabanja otha, 20 mpaka 25 anali ndi mavuto aakulu, pamene kwa mabanja osatha anali 10. Chiopsezo chawirikiza, n’zoona. Koma werengani otsalawo: ana 75 mpaka 80 pa 100 alionse anakula bwinobwino.

Funso lenileni ndi lakuti chimene chimapweteka ana ochepawo n’chiyani. Dokotala wa ku England, Michael Rutter, analemba mu 1971 kuti ana olekana ndi kholo chifukwa cha imfa kapena matenda sankapulupudza ngati ana olekana nalo chifukwa cha mikangano, ndiponso kuti ana a m’mabanja osatha koma odzaza udani ankavuta kwambiri. Patapita zaka 20, Andrew Cherlin ndi anzake anaunika ana a ku Britain obadwa mu 1958, amene anayezedwa ali ndi zaka 7 kenakonso ali ndi zaka 11. Pakati pa anyamata amene makolo awo analekana m’zaka zimenezo, mbali yaikulu ya mavuto awo inali itayamba kale banja lisanathe. Tsiku limene bambo ananyamula chikwama silinali chiyambi cha vutolo. Mwana anali atamva kale zambiri.

Zimene mwana amamva kuseri kwa katani

Ambiri a ife timakhala m’chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa nyumba ya alandilodi. Katani yadula chipinda pakati, uku bedi, uku sitovu ndi ndowa za madzi, ana agona pamatiresi pansi. Bambo afika usiku. Nkhani iyamba ndi ndalama ya lendi, ipita ku uthenga umene unalowa pafoni, ifika pa achibale a mwamuna. Poopa alandilodi sakukuwa, akunong’onezana mokukuta mano. Mwana wa zaka 3 watseka maso, wapinda miyendo, koma sali mtulo. Kukacha amayi akusesa osayankhula, kapu ya tiyi yaikidwa patebulo mwamphamvu, bambo atuluka osatsanzika. Palibe amene wamenyedwa. Makolo akafunsidwa anganene ndi mtima wonse kuti ana sadziwa kanthu.

Ana amadziwa. Mu 1981 Mark Cummings ndi anzake anapempha amayi kuti azilemba zimene ana awo a chaka chimodzi mpaka zaka 2 ndi theka ankachita m’nyumba mukabuka mkwiyo. Ena ankalira, ena ankatseka makutu, ena ankalowa pakati kuyesa kuleretsa kapena kutonthoza amayi awo. Chofunika kwambiri n’chakuti ana oona mikangano kawirikawiri sanazolowere. M’malo mwake ankadzidzimuka msanga kuposa anzawo. Mu 2013, ku Oregon, anaunika ubongo wa makanda 20 a miyezi 6 mpaka 12 ali mtulo, uku akuwamvetsera mawu a munthu wolankhula mwaukali. Ubongo wa makanda ochokera m’nyumba za mikangano yambiri unkatekeseka kwambiri ndi mawuwo. Ndi kafukufuku wochepa, koma kwa ife ogona chipinda chimodzi ndi ana ndi wofunika kumumva.

Cummings ndi Patrick Davies anafotokoza chifukwa chake mu 1994. Mwana wamng’ono sangadziphikire, sangadziteteze, sangasamuke. Moyo wake wonse uli m’manja mwa akuluakulu awiriwa, choncho amakhala tcheru kuona ngati pakati pawo pali bwino. Akaona kuti sipali bwino, mphamvu zimene akanasewerera ndi kuphunzirira zimathera pa kulondera. Wina amabisala. Wina amasanduka kamkhalapakati, kumasangalatsa aliyense. Wina amapeza kuti akaswa mbale kapena akakuwa, makolo amasiya kukangana n’kutembenukira kwa iye, ndipo ngakhale akwapulidwe, mkangano uja wautha. Mawa adzachitanso.

Pano pali nkhani yotonthoza imene sitiimva kawirikawiri. Si mkangano uliwonse umene umapweteka mwana. Zofufuza za Cummings zinaonetsa kuti ana akaona akuluakulu akupepesana ndi kumvana pambuyo pokangana, mantha awo amatsika kwambiri, ngakhale kuyanjanako kuchitike iwo kulibe, bola aone makolo akubwera akulankhulana bwino kapena auzidwe kuti nkhani ija yatha. Yopweteka ndi mikangano ya kutukwana ndi kunyozana, ya kuopseza kuti “ndichoka” kapena “longedza uzipita kwanu”, ya manja, ya mwanayo mwini (“mwana wakoyu wamulera bwanji?”), ndi yosatha, ya kunyanyalirana sabata yathunthu. Kukhala chete kwa chidani ana amakumva monga amamvera kukuwa. Ife tinaleredwa kuti za akuluakulu sauza ana, ndipo n’zoona kuti mwana sayenera kumva tsatanetsatane. Koma mawu ochepa akuti, “Dzulo ine ndi bambo ako tinasemphana, takambirana, si chifukwa cha iwe ayi,” amachotsa katundu wolemera pamutu pa kamwana.

Njira yachiwiri imene banja losagwirizana limafikira mwana ndi kudzera m’manja mwa kholo lotopa. Mu 1995 Osnat Erel ndi Bonnie Burman anaphatikiza zofufuza 68 n’kupeza kuti pamene mwamuna ndi mkazi sakumvana, ubale wa kholo ndi mwana umasokonekeranso. Bwererani m’chipinda chija m’mawa. Amayi sanagone. Akuti, “Vala nsapato.” Mwana akana. Akweza mawu, mwana akuwa, adzigwetsa. Nthawi ya kombi yatha, katundu wa kumsika akudikira. Tsiku lina amayi agonja, amunyamula wopanda nsapato, amugulira switi panjira kuti atonthole. Tsiku lina, pa mlandu womwewo, amukwapula ndi silipasi. Gerald Patterson wa ku Oregon, amene anthu ake ankakhala m’nyumba za anthu n’kumalemba zochitika, anaonetsa momwe zimenezi zimaphunzitsira onse awiri: mwana amaphunzira kuti kukuwa kwambiri nthawi zina kumapambana, kholo limaphunzira kuti ukali ndiwo umathetsa phokoso, ndipo mwezi ndi mwezi onse amawonjezera. Zimayendanso mobwerera, chifukwa mwana wovuta kulera amatopetsa makolo n’kuwonjezera mikangano yawo, ndipo mtima wapachala wina ana amatengera mwa magazi. Choncho si chilungamo kuika mlandu wonse pa munthu mmodzi.

Kupirira chifukwa cha ana

Mu 1995 Amato, Laura Loomis ndi Alan Booth anatulutsa zimene anapeza atatsatira mabanja a ku America kwa zaka 12. Kumene makolo ankakangana kwambiri, ana anakula bwinoko ngati banja linatha kusiyana ndi ngati linapitirira. Kumene mikangano inali yochepa, kutha kwa banja ndiko kunawapweteka, chifukwa anataya nyumba imene kwa iwo inali yamtendere. Mu 2003 Sara Jaffee ndi anzake anaunika mabanja 1,116 a ana amapasa a zaka 5 ku England ndi ku Wales. Bambo akakhala wa khalidwe labwino, kukhala naye nthawi yaitali kunkachepetsa mavuto a ana. Bambo akakhala wandewu, wachinyengo, wosasamala za ena, zinkatembenuka: akakhalitsa pakhomo, ana ankavuta kwambiri.

Ankhoswe athu ayenera kuzimva zimenezi mbali zonse ziwiri. Mayi amene akumenyedwa sakuthandiza ana pokhalabe pomwepo, ndipo kumubweza ndi mawu akuti “ganizirani ana” n’kubweza anawo kumalo amene akuwaononga. Nkhanza si zachilendo kuno: kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 anapeza kuti amayi 35 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anachitidwapo nkhanza za kumenyedwa chikwanitsire zaka 15. Lamulo la Domestic Violence Act linayamba kugwira ntchito mu 2007 ndipo limalola munthu kukapempha chitetezo ku khoti la majisitireti, pamene bungwe la Musasa lakhala likuthandiza amayi ochitidwa nkhanza kuyambira 1988. Mbali inayo ikukhudza makamaka abambo. Mwamuna amene akusiya banja lopanda ndewu chifukwa wapeza wina ku Chitungwiza kapena ku Johannesburg, n’kumadzitonthoza kuti ana sazindikira, akudzinamiza. Mabanja ambiri ali pakatikati, otopa koma osaopsa, ndipo amenewa ndi oyenera kuwakonza. Apo uphungu wa ankhoswe ndi wa mpingo uli ndi ntchito yeniyeni.

Chimene chimalemera pa kulera wekha

Kuno kulera wekha si chinthu cha anthu ochepa. Kafukufuku yemwe uja wa 2015 anapeza kuti pafupifupi nyumba 4 pa 10 zilizonse m’Zimbabwe zimatsogoleredwa ndi amayi. Njira zofikira pamenepo n’zosiyana: wina ndi wamasiye, wina anakanidwa mimba, wina anathawa nkhanza, wina ndi wokwatiwa ndithu koma mwamuna ali ku South Africa chaka chachinayi. Kuwaika onse m’gulu limodzi n’kulakwitsa kale.

Choyamba chimene chimalemera ndi ndalama. Sara McLanahan ndi Gary Sandefur anawerengera mu 1994 kuti pafupifupi theka la kutsalira kwa ana oleredwa ndi kholo limodzi ku America linkachokera ku kuchepa kwa ndalama. Momwe ndalama zimafikira pa khalidwe la mwana anazionetsa Rand Conger, amene kuyambira 1989 anatsatira mabanja 451 a ku Iowa ulimi utagwa kumeneko: kusowa kumabweretsa nkhawa, nkhawa imabweretsa kukwiya msanga, kukwiya kumagwera mwana. Amene tinaona 2008, ndalama ikusanduka pepala m’manja, sitifunika kuuzidwa zambiri. Izi zimagwira mabanja a makolo awiri omwe, koma mayi amene ali yekha alibe womulandira. Amadzuka 4 koloko kukapikula tomato ku Mbare Musika, amabwera mdima utagwa, ndipo mwana amapeza kholo limene mphamvu zonse zathera kumsika.

Chachiwiri ndi mtima wa kholo. Mayi wovutika maganizo amasiya kuseka ndi mwana, amayankha mochedwa kapena mwaukali, ndipo mwana wamng’ono amayankha ndi kulira, kukakamira kapena kulusa. Pa ichi Harare ili ndi chinthu chimene mayiko ena akubwera kudzaphunzira. Mu 2006 Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare: agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa kiliniki, kumvetsera munthu ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016, wa anthu 573 m’makiliniki 24 a mumzinda muno, anapeza kuti patatha miyezi 6, anthu 14 okha pa 100 amene anakhala pabenchi anali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali 50. Mayi amene mwana wake akuvuta ndipo iye mwini sakugona, sakudya, akungoganiza, ayambire pamenepo.

Chachitatu, chimene sitichiganizira, ndi kusinthasintha. Kafukufuku wamkulu wa mayunivesite a Princeton ndi Columbia anatsatira ana pafupifupi 4,900 obadwa pakati pa 1998 ndi 2000 m’mizinda ikuluikulu 20 ya ku America, ambiri mwa iwo a makolo osakwatirana. Anapeza kuti nthawi iliyonse imene mwamuna walowa kapena watuluka m’moyo wa mayi, mavuto a khalidwe a mwana wa zaka 3 ankakwera pang’ono, ndipo zikachuluka zimaunjikana. Choncho malangizo akuti “kwatiwa msanga mwana apeze bambo” si mankhwala. Kwathu kuno kusinthako kuli ndi maonekedwe enanso. Amayi akwera basi ya ku Musina kapena ku Lusaka kukaoda katundu, mwana asiyidwa kwa anansi. Apeza ntchito ya m’nyumba ku Pretoria, mwana apita kwa agogo ku Epworth. Agogo adwala, apita kwa azakhali ku Mabvuku. Lendi yakwera, asamuka. Pofika zaka 5 mwana wadutsa m’manja anayi, ndipo kulikonse malamulo ndi ena. Palibe amene anamuda, aliyense anachita zimene akanatha. Koma mwana wa msinkhu umenewu amafuna munthu mmodzi amene akudziwa kuti mawa adzamupeza. Ngati kuchoka n’kosapeweka, kuli bwino mwana akhazikike pamalo amodzi kwa munthu mmodzi, atsanzikidwe poyera m’malo momuzemba ali mtulo, ndipo foni izibwera pa tsiku lodziwika.

Mbumba imene inatsala kumudzi

Zofufuza zambiri zimene ndatchulazi ndi za ku America ndi ku Britain, kumene “kholo limodzi” nthawi zambiri ndi mayi ndi ana okhaokha m’nyumba yotseka. Kwa Achewa sizinali choncho. Pa chikamwini mwamuna ndiye ankabwera kwa mkazi, ana anali a mbumba ya amayi, ndipo wowayang’anira anali atsibweni. Banja likatha mkamwini ankanyamula zake n’kupita, koma mwana ankatsala pamudzi womwewo, ndi agogo omwewo, amayi aang’ono omwewo, munda womwewo. Ndipo mabanja ankathadi. Georges Reniers, pofufuza ku Rumphi, ku Mchinji ndi ku Balaka, analemba mu 2003 kuti maukwati oyamba 40 mpaka 65 pa 100 alionse ankatha, makamaka kummwera. Agogo athu aamuna amene anabwera kuno pa mthandizi (bungwe limene linkalemba anthu ntchito) kapena wapansi kudzera ku Tete, kudzagwira ntchito m’mafamu, m’migodi, kunjanji ndi kukhonsolo, anasiya akazi akulera okha kwa zaka, ena n’kutchona osabwereranso. Mahositelo a Matapi ku Mbare anamangidwira amuna okhaokha. Ana otsala kumudzi sanaleredwe ndi mayi mmodzi, analeredwa ndi mudzi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe sanali mawu okometsera pakamwa, anali makonzedwe a moyo.

Muno mu Harare makonzedwe amenewo anatsala ochepa. Ambiri a ife ndi m’badwo wachitatu kapena wachinayi, tilibe mudzi woti n’kutumizako mwana zinthu zikavuta. Pa Murambatsvina mu 2005, boma litagwetsa nyumba ndi misika yosaloledwa, pamene lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena popezera chakudya, anzathu ena anali ndi kumudzi kothawira, ife ambiri tinalibe, ndipo achibale amene ankakhala m’zipinda zoyandikana anabalalika. Atsibweni lero ali ku Cape Town. Ankhoswe, ngati alipo, ndi munthu wa kumpingo amene anapemphedwa kuimirira pa tsiku la ukwati.

Palinso kusakanikirana kwa miyambo. Anzathu Achishona amapereka roora (malowolo) ndipo ana amakhala a kwa bambo, ndipo Achewa ambiri a kuno tinatengera zomwezo. Banja la mitundu iwiri likatha zimatheka kuti mbali zonse zikanganirane mwana, kapena, choipa kwambiri, mbali zonse zimukane: kwa bambo akuti mwana ndi wa kwa amayi ake monga mwa Chichewa, kwa amayi akuti mwana ndi wa kwa bambo ake monga mwa Chishona. Mwana wotere sakusowa bambo yekha. Akusowa akuluakulu onse amene akanamuzungulira.

N’chifukwa chake ndimaona kuti funso lothandiza pa mwana aliyense ndi lakuti: ndi akuluakulu angati odalirika amene ali naye pafupi, ndipo akumvana? Amayi ndi agogo ogwirizana amalera bwino kuposa mwamuna ndi mkazi odana. Amayi ndi agogo amene akutsutsana pamaso pa mwana, wina akuletsa wina akuloleza, amabweretsa vuto lomwe lija la kuseri kwa katani. Magulu amene tili nawo, a CCAP Harare Synod ndi mipingo ina, a kumzikiti, mabungwe a maliro, anzathu a gule, amadziwa kusonkha pa imfa. Akanakhala ndi chizolowezi chomwecho pa mayi wolera yekha, kumutengera mwana Loweruka limodzi, kumusungira malo m’gulu la amayi m’malo momukhazika kumbuyo, ana ambiri akanapepukidwa.

Bambo amene sakhala pakhomo

Kutha kwa ukwati sikuthetsa ubambo. Amato ndi Joan Gilbreth anapeza mu 1999 kuti kungoonana kawirikawiri ndi bambo wokhala kwina sikunkasintha zambiri, koma ana ankachita bwino bambo akamapereka ndalama zothandizira ndi kuchita zaukholo zenizeni: kumvetsera, kulangiza, kudziwa za kusukulu. Kubwera pa Khirisimasi ndi nsapato zatsopano sikulowa m’malo mwa zimenezi. Ndipo makolo olekana akapitiriza nkhondo kudzera mwa mwana, kumutuma mawu, kumufunsa za amene amabwera kwa amayi ake, kunyoza kholo linalo iye akumva, ndiye kuti banja latha koma chimene chinkamupweteka chikadalipo.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 amaletsa kusala munthu chifukwa chobadwa kunja kwa ukwati, ndipo ndime 81 imati pa nkhani iliyonse yokhudza mwana, ubwino wa mwanayo ndiwo uyenera kukhala patsogolo. Pansi pa lamulo la Maintenance Act, aliyense amene akusunga mwana, ngakhale agogo, angathe kukasuma ku khoti la majisitireti kuti kholo linalo lizipereka ndalama, kaya panali ukwati kaya panalibe, ndipo khoti likhoza kulamula kuti zizidulidwa ku malipiro. Amayi ambiri amaopa kuti aoneka okonda ndalama. Ndalamayo ndi ya mwana, ndipo taona kale kuti kusowa kwake kumathera pa khalidwe lake.

Ndodo, ndi zina zoti tiyang’ane

Mwana akavuta, chapafupi ndi ndodo, ndipo wolera yekha amauzidwa kuti awirikize poti palibe mwamuna woopsa pakhomo. Kafukufuku wa 2019 wa ZIMSTAT, bungwe la boma loona za chiwerengero, anapeza kuti ana oposa 6 pa 10 alionse a zaka 1 mpaka 14 analangidwa mwa kumenyedwa kapena kukalipiridwa moopseza m’mwezi umodzi wokha. Koma Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor, ataphatikiza mu 2016 zofufuza za ana oposa 160,000, anapeza kuti kukwapula kumayendera limodzi ndi kuwonjezeka kwa ndewu ndi makani, osati kuchepa kwake. Kusukulu ndodo inaletsedwa ndi lamulo la maphunziro la 2020. Zimene maphunziro a kaleredwe amaphunzitsa, monga a Parenting for Lifelong Health amene anayesedwa ku Cape Town mothandizidwa ndi WHO ndi UNICEF, n’zosafuna ndalama: mphindi zochepa tsiku lililonse zosewera ndi mwana iye akutsogolera, kumuyamikira pomwepo akachita bwino, malamulo ochepa osasinthasintha, nthawi yodziwika yodya ndi yogona, ndi chilango chaching’ono chimene kholo lingachikwaniritse lisanapse mtima.

Tisaiwalenso kuti kuvuta kwina sikukhudzana ndi ukwati n’komwe. Mwana amene sakumva bwino chifukwa cha mafinya m’khutu amaoneka wamwano. Wochedwa kulankhula amaluma chifukwa alibe mawu. Wanjala, wosagona mokwanira, kapena wobadwa ndi vuto la kusakhazikika amavuta ngakhale makolo ake akondane chotani. Aphunzitsi a ECD, makalasi a ana asanayambe giredi 1, akadandaula mobwerezabwereza, pitani naye kukiliniki akamuone makutu, maso ndi kakulidwe musanagamule kuti ndi mwano. Ndipo mwana akasintha mwadzidzidzi, akayamba kuopa munthu wina wake, kukana kusiyidwa pamalo ena, kapena kuchita masewera a zogonana osayenera msinkhu wake, musamukalipire ndipo musadikire msonkhano wa achibale. Childline, bungwe lothandiza ana pafoni, imayankha pa 116, kwaulere, usana ndi usiku, ndipo kupolisi funsani ofesi ya Victim Friendly Unit.